Asakutsukire Foni ya Amako

Lozina mwananga,

Kalata ino ndaipinda n'kuiika m'kabokosi ka kachala ka TV, kachipangizo kaja koonera mafilimu a pa intaneti, chifukwa ndimakudziwa. Ndikanakupatsa pamanja ukanaitsegula m'minibasi musanafike n'komwe pa Ngabu, n'kuyamba kulira pakati pa anthu ndi madengu a nsomba. Koma kabokosi aka sukatsegula mpaka utafika ku hositelo, utayala bedi, ukufuna kulumikiza zinthu zako pa wayifayi ya kukoleji. Ndiye ngati ukuwerenga, ndiye kuti wafika. Takhuta Mulungu, tikumuthokoza. Khala pansi kaye, mawayawo adikire.

Ndikulemba masana ano pansi pa mtengo wa nimu, iwe uli kwa azakhali ako ku Bangula kukalukitsa tsitsi. Dzuwa lake ndi lathu lija lowotcha ndi mumthunzi momwe. Ukaona timadontho papepalali, ndi thukuta. Ena si thukuta, koma zilibe kanthu.

Pepala lomwe anakutumizira akukoleji ndaliwerenga katatu, magalasi ali pamphuno. Akuti wophunzira aliyense amaloledwa kulembetsa zipangizo ziwiri pa netiweki ya ku hositelo. Foni imalowa ndi dzina lako ndi pasiwedi. Kachala kalibe polembera dzina lolowera pa netiweki, ndiye amafuna nambala yake yaitali ija, yosakaniza zilembo ndi manambala, kuti uilembe pa fomu. Ndikudziwa ukuseka kuti bambo wopukusa mapampu a madzi ku munda wa nzimbe akufuna kuphunzitsa mwana wa kukoleji za foni. Seka. Koma zipangizo zako ziwirizo, foni ndi kachala, zonse zinali za malemu amako, ndipo pali zomwe ndikudziwa za izo zomwe iwe sukudziwa.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Nambala ya kachala inafufutika kale pa kapepala ka kuseri kwake, ndiye ndaikopera kuchokera pa TV, ndailemba m'kati mwa chivundikiro cha kabokosi. Polemba pa fomu usathamange. Ine ndili mnyamata, nditangolowa ntchito, pampu ina inafa ndipo ananditumiza kukalembetsa ku ofesi. Pamene panali B ndinalemba 8. Amakaniko anapita kukamasula pampu yabwinobwino kutsidya lina la munda, yakufa ija ili phee, nzimbe zikufota. Kapitawo ananditcha Eyiti, ndipo mpaka lero pali madala ena omwe sadziwa kuti dzina langa ndi Zuze. Yang'ana kawiri chilembo chilichonse, mwananga. B ndi 8 amafanana, O ndi ziro ndi apachibale.

Pasiwedi yako ndi yako. Wayifayi itabwera ku ofesi ya mapampu anatipatsa aliyense pasiwedi yake, kuti tizitumizira malipoti a madzi. Mnzanga wina wodula nzimbe, wochokera kumpoto, anandidandaulira kuti mkazi wake wachira kumudzi ndipo akufuna kuona nkhope ya mwana. Ndikanakana bwanji? Ndinamulembera padzanja. Patatha sabata ndinapeza anthu atatsamira khoma la ofesi ngati akuwotha dzuwa, aliyense mutu uli pa foni, onsewo alowa pa dzina langa. Ndinaitanidwa, ndinaima pamaso pa bwana wamng'ono kwa ine, chipewa chili m'manja. Wolakwa sanali mnzanga uja, iye anangouza mnzake mmodzi, mnzakeyo n'kuuza mmodzi. Kumeneko ku hositelo adzabwera ena ndi nkhani zomvetsa chisoni. Ukafuna kuthandiza, mpatse foni aimbire uli pomwepo, koma dzina lako usabwereketse. Ndipo foniyo isachoke m'maso mwako. Wabva?

Tsopano kachala. Amalume ako atakatumiza kuchokera ku Joni, amako anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Kanthu ngati chala kangasenze makwaya onsewo?" Dzina linachokera pamenepo. Ndiwe unawalembera dzina lawo mmenemo, ndipo mpaka pano ukakayatsa kamalemba kuti Fatima, pansi pake n'kundandalika nyimbo zomwe ankamvera atagona pamphasa miyezi yawo yomaliza ali kunyumba. Ine madzulo ena ndimakayatsa osaonera kanthu, ndimangoyang'ana dzinalo. Ndakupatsa chifukwa ka TV kakang'ono kaja ndi kako, ndiponso chifukwa munthu wamkulu ngati ine sayenera kumakhala akuyang'anizana ndi dzina.

Pepala la kukoleji lili ndi mzere wina pansi penipeni womwe wandisowetsa mtendere. Akuti chipangizo chikakana kulumikizika, chibwezeredwe mmene chinalili pochoka ku fakitale, kenako muyesenso. Lozina, mzere umenewo usautsatire. Pita ku ofesi ya makompyuta, ukagwade ngati n'kofunika, ukafunse ngati palibe njira ina. Akati palibe, kachala kabwerere m'kabokosi, kagone m'sutikesi mpaka holide. Mafilimu sanaphe munthu powasowa. Ndipo foni ndiye makamaka. Wina aliyense, kaya wa mu ofesi, kaya mnyamata wochenjera wa chaka chachitatu, akanena mawu akuti kufulasha, kuriseta, kufomata, kapena kutsuka, tenga foni yako uzipita. Asakutsukire foni ya amako.

Ndikuuze za ine ndi makutu anga. Ukudziwa kuti zaka zambiri ine ndinkakhala ku nyumba za kampani, amako ali kumudzi kwa Mlolo akulima dimba. Kulemba ankalemba movutikira, ndiye mafoni awa atabwera anapeza pothawira: mavoisi, mauthenga ojambula mawu aja. Mayo ine, amako ndi mavoisi! Ankayamba ndi mbuzi, n'kupita ku madzi kuti afika pati m'dimba, n'kudutsa kwa yemwe wabereka ndi yemwe wathawa banja, ndipo nkhani yeniyeni ankaisungira kumapeto. Pomaliza penipeni ankati, "Baba wa Lozina, mwabva?" Ine ndikuonera mpira, foni ikalira ndinkati ndimvera pa hafu. Pa hafu ndinkamvera mpaka pa mbuzi, n'kuyankha movomera kuti, "Ande, ndabva." Bodza lenileni.

Tsiku lina ndinapita kumudzi n'kuwapeza ataonda, akugwira m'nthiti akamaweramira mtondo. Ndinakalipa kuti bwanji osandiuza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndinakuuzani mwezi wathawu. Munati mwabva." Ndinapita kuseri kwa khola, n'kufufuza voisi ija, n'kuimvera mpaka kumapeto. Zinalimo. Pambuyo pa mbuzi, pambuyo pa madzi, anati m'nthiti muli chinthu cholimba chomwe sichikuchoka ndipo akuopa. Madokotala anadzati mwezi umodzi sukanasintha zambiri. Kaya ananena zoona, kaya ankangondipepesa, penombo, sindikudziwa. Iwe munthu akakutumizira mawu, mvera mpaka amalize, ngakhale ayambire pa mbuzi.

Ukanaganiza kuti ndinaphunzirapo. Mmawa wa tsiku lomwe amako anatisiya, iwo ali kuchipatala ndi azakhali ako, iwe uli kusukulu yogonera, ine ndinali nditabwerera kuntchito chifukwa masiku a tchuthi anali atatha. Ndili mu nyumba ya mapampu foni inanjenjemera m'thumba katatu. Ndinayang'ana: mavoisi atatu ochokera kwa amako. Injini zinali kubangula, munthu sungamve ngakhale kutsokomola kwako komwe. Ndinati ndimvera ndikaweruka, pamalo a phee, mpaka kumapeto, monga ndinalonjezera. Ndisanaweruke azakhali ako anaimba. Ndinathamangira panja kukayankha, ndipo zomwe ananena ukuzidziwa.

Mavoisi aja sindinawatsegule. Pa maliro sindinathe. Maliro atatha sindinathenso. Ndinkatulutsa foni, ndinkaona timadontho titatu tosonyeza kuti sanamveredwe, chala chinkafika pafupi n'kubwerera. Ndinkadziuza kuti bola ngati sindinawatsegule, amako akadali ndi zoti andiuze. Ukawatsegula amatha, ndiye pambuyo pake palibenso china chobwera. Ndinawasunga choncho ngati mbewu.

Pochokera kwa Mlolo, titamaliza zonse za maliro, ndinawoloka Shire pa bwato kubwera tsidya lino. Potsika padoko ndinawerama kuti ndikweze njinga, foni n'kupulumuka m'thumba la malaya, thapwi m'matope. Ndinaitola msanga, ndinaipukuta ndi malaya. Inkayaka ndithu, koma inayamba misala: kuzima yokha, kuuma osayenda, ndipo pa wayifayi ya kuntchito inakaniratu kulowa. Malipoti a madzi ankafunika. Loweruka ndinapita nayo pa msika wa Bangula, kwa bambo wina wokonza mafoni, munthu wamkulu ndithu waulemu wake.

Anaiyesa uku ndi uku, n'kunena kuti, "Madala, iyi ikufunika kufulasha."

Ndinati, "Kufulasha n'kutani?"

Anati, "Ndi kuitsuka m'kati. Zomwe zili m'katimo simukuzifuna?"

Lozina, ine m'mutu mwanga munali matope. Ndinali nditawaona ndi maso anga akulowa pa kabowo kotchajira. Ndinaseka, kuseka kwanga koyamba chichokereni kumanda, n'kunena kuti, "Matope a m'Shire angawafune ndani? Tsukani, akulu. Mutsuke bwinobwino, musasiye kanthu."

Sanasiye kanthu. Ndinapita kukagula matemba, pobwera anandipatsa foni ikuwala, ikuthamanga ngati yatsopano. Ndinatsegula pomwe pamakhala macheza, ndinapeza mbee. Ndinafunsa kuti mavoisi a mayi akunyumba ali kuti. Bambo uja anandiyang'ana, nkhope yake inagwa, anati, "Madala, ndinakufunsanitu." Anandifunsadi. Sindinamukalipire, ndikanamukalipira chiyani? Ndinatuluka, ndinakhala pansi pakhonde la golosale ina, foni ili m'manja. Mayi wina wogulitsa nsomba anabwera kudzandifunsa ngati ndikudwala shuga, anandigulira madzi. Ndinangoti ndaferedwa. Anati pepani, liti? Ndinati lero.

Mavoisi a zaka zonse anapita tsiku limenelo, a mbuzi, a madzi, ondikalipira, oseka, ndi atatu aja osatsegula. Iwe ndinakuuza kuti foni inaonongeka ndi madzi. Madzi sanalakwe, mwananga. Ndi pakamwa panga panati tsukani.

Bodza limenelo ndi laling'ono. Lalikulu ndi ili. Ukukumbukira utabwera pa holide yoyamba chichitikireni maliro, tikutonola chimanga pakhonde? Unandifunsa osandiyang'ana kuti, "Baba, azakhali akuti amayi anakujambulirani mawu mmawa uja. Anati chiyani?" Ndinayang'ana mutu wako wometedwa uja, ndinaona mwana yemwe aphunzitsi ankati wasiya kulemba m'kalasi, amangoyang'ana pawindo. Ndinati, "Anati Lozina aphunzire mpaka akafike ku koleji." Unangogwedeza mutu. Mawa lake ndinaona utalemba mawu amenewo m'kati mwa chikuto cha kope lako, pansi pake utalemba kuti Amayi. Chaka chonse cha mayeso unkadzuka nkhuku zisanalire chifukwa cha mawu amenewo. Zotsatira zitatuluka unapita kumanda kukawauza kuti wachita zomwe ananena.

Mawu amenewo ndi anga, Lozina. Ndinawapeka pakhonde pomwepo, chitsononkho chili m'manja. Mwina amako ananenadi zimenezo, ankazifuna ndi mtima wonse, umenewo si bodza. Koma zomwe ananena mmawa uja sindikuzidziwa. Sindinazimve. Nthawi iliyonse ukatsegula kope lija pamaso panga, mtima unkandiwawa ngati ndameza munga wa nsomba. Ukakwiya, kwiya. Uli ndi ufulu, ndipo kukwiyira kutali kuli bwino kusiyana ndi kundiphikira chakudya uli chete. Koma koleji usaitaye chifukwa cha ine. Mayeso unalemba ndiwe, ine ndinangonama.

Tsopano umve chomwe ndakulembera zonsezi. Papita miyezi ingapo mnzanga wa ku ofesi, tikucheza za zina, anandiuza kuti voisi imakhala mbali ziwiri, kwa wolandira ndi kwa wotumiza.  Ndiye kuti mavoisi atatu aja alipo. Ali mu foni ya amako, yomwe azakhali ako anabwera nayo kuchokera kuchipatala m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi chitenje ndi kapu, yomwe ndinakupatsa iwe, yomwe ili m'manja mwako pano. Padziko lonse lapansi mawu omaliza a amako atsala mmenemo mokha.

Tsiku lomwe ndinakupatsa foniyo unanena chinthu chomwe sindiiwala. Unati zithunzi uziona, mavoisi omwe ankakutumizira iwe uzimvera, koma pomwe pali dzina langa sutsegula. Unati, "Macheza anu ndi amayi ndi kuchipinda kwanu, mwana wamkulu salowako." Anakulera bwino amako. Ndipo ndikudziwa kuti sunalowemo, chifukwa ukanalowa ukanandiyang'ana mwina.

Miyezi yonseyi foni imeneyo yakhala ikutchajidwa pawindo, mikono iwiri kuchokera pomwe ndimadyera. Kangapo iwe uli kumjigo ndinaigwira. Koma ndikanatsegula mobisa ndikanakhala wakuba m'nyumba mwanga momwe, ndipo ndikanakupempha ndikanayenera kukuuza zonsezi ukundiyang'ana. Ndalephera. Bambo ako ndi wamantha, amalankhula bwino ndi mapampu basi.

Ndiye uchite motere. Foni ikangolowa pa wayifayi, usayambe ndi mafilimu, usayambe ndi kujambula chipinda kutumizira anzako. Yamba ndi kusunga. Paja kuno unayesapo kukweza zinthu za mu foniyo kumalo kuja mumati kumtambo, koma bandulo inkatha usanafike ndi pakati pomwe, netiweki yathu ino yofuna kukwera pachulu. Kumeneko akuti wayifayi siitha. Ika foni pa tchaja, sankha nthawi yomwe anzako ali m'kalasi kuti njira ikhale yopanda anthu, ukweze zonse, macheza onse ndi mavoisi ake, zithunzi, chilichonse. Ikati yamaliza usaikhulupirire, ufunse a mu ofesi ya makompyuta akuonetse kuti zafikadi. Foni imeneyo ndi yokalamba, batire lake layamba kutupa, ndipo ku hositelo zinthu zimagwa, zimanyowa, zimasowa. Mpaka utamaliza zimenezi usapite nayo kubafa, usaiike m'thumba la kumbuyo, usabwereke munthu. Ikavuta kulowa pa netiweki, dikira, funsa, dikiranso. Asakutsukire, mwananga. Ngakhale atakuuza kuti ndi mphindi ziwiri zokha.

Ukamaliza kusunga, tseka chitseko. Ine bambo ako ndikukuloleza kulowa kuchipinda. Tsegula pomwe pali dzina langa, anandilemba kuti Baba wa Lozina. Usakwere mmwamba, mmenemo muli zathu, zina ndi zokangana zopusa za mchere ndi njinga. Pita pansi penipeni. Upeza mavoisi atatu otsatizana a tsiku limodzi, opanda yankho pansi pake. Amenewo unditumizire.

Kumvera kapena kusamvera, usankha wekha. Ukafuna kuti ndiyambe ine, ndidzakuuza zomwe zilimo, ulendo uno zenizeni, liwu ndi liwu, kaya zikukoma kaya zikuwawa. Mwina ananena za iwe. Mwina ankandikalipira kuti ndinawasiya n'kubwerera ku mapampu, ndipo akatero sanalakwe. Mwina ndi za mbuzi basi. Ndikuopa zonse zitatu, koma ndatopa ndi kusadziwa.

Zina ndi zomwe ukudziwa kale. Kumeneko kumazizira, juzi ya amako ili pansi pa sutikesi, usachite nayo manyazi. Anzako akamaseka kalankhulidwe kako ka kuchigwa, aseke, usapinde lilime chifukwa cha iwo. Uzidya. Azakhali ako uziwaimbira Lamlungu, amadandaula msanga. Mawa pa siteji ndikakuuza kuti famba pyadidi, uyende bwino, n'kutembenuka mofulumira, usaganize kuti ndikuthamangira ntchito.

Kuyambira Lolemba ndizikhala ndi foni m'thumba la malaya, lomwe ndalisokerera batani. Ikanjenjemera ndidzazimitsa pampu, nzimbe zidikire, kapitawo anene zomwe anganene. Ndidzatuluka panja, ndidzakhala pa mpaipi waukulu uja, ndidzamvera loyamba, lachiwiri, lachitatu, osadumpha kanthu, mpaka pomwe amako amafunsa funso lawo lija. Papita nthawi yaitali akudikira yankho, ndipo ndikufuna ulendo umodzi wokha ndiwauze kuti ande, Fatima, ndabva, zili zoona.

Malo mu foni yanga alipo ambiri. Mulibe kanthu.

Ndine bambo ako,
Zuze